Chizimba cha pa Nsanja

Ku Chifunda munthu salima yekha, amalima ndi njovu. Iwe ukhetsa thukuta m'dambo kuyambira mvula yoyamba, ndiye mpunga ukangoyamba kuweramitsa ngala, eni tchire amabwera kudzatenga gawo lawo. Kwa Bornwell Goma gawo la njovu linali munda wonse, chaka ndi chaka. Nyumba yake inkadontha, mwana wake Tamala anali atasiya sukulu, ndipo mkazi wake Vainess ankaganyula m'minda ya anthu kuti apeze kaufa.

Bornwell sanali munthu wachikunja ayi. Ankaimba besi mu kwaya, ndipo pa mapemphero a Lachitatu iye ndiye ankayamba kufika. Koma pemphero likachedwa kuyankhidwa, maso amayamba kuyendayenda. Akapita ku boma ku Chama ankaona anzake a msinkhu wake ali pa njinga zamoto, nyumba zawo zili ngwee malata, sola pamwamba. Ankabwerako atatupa mtima. Vainess akamuuza kuti Mulungu sachedwa, kuona maso a nkhono n'kudekha, iye ankayankha kuti nkhonoyo wayiyang'ana mpaka imvi zatuluka.

Alimi a m'dambomo anali ndi lamulo limene palibe analilemba. Aliyense ankamanga nsanja yaitali m'mbali mwa munda wake, n'kumalondera ali pamwamba. Njovu ikalowa kwa wina, mwini munda ankaitana mnzake woyandikana naye ndi dzina, woitanidwayo n'kuyankha, n'kuitana wotsatira. Posakhalitsa dambo lonse linkakhala phokoso la zitini ndi utsi wa tsabola, mpaka nyama zija zitabwerera. Munthu ankakhala moyo chifukwa choti mnzake wamuyankha.

Chaka chimene madzi osefukira anamaliza zimene njovu zinasiya, Bornwell ananamiza mkazi wake kuti akukafuna ganyu, n'kupalasa njinga yobwereka kupita kuseri kwa Chikwa. Kumeneko kunali a Gordon, sing'anga wodziwika pa zokhwimitsa anthu. Anali munthu waukhondo, wa shati yosita, wolankhula motsitsa ngati mkulu wa mpingo. Anamvetsera madandaulo onse akumwetulira, kenako anatulutsa kanyanga kokulunga m'chikopa.

“Aka mukakwirire pansi pa nsanja yanu,” anatero. “Njovu sizaponda m'munda mwanu, na mpunga uzachita kusowa poika. Sinifuna mbuzi, sinifuna magazi. Nifuna chabe pakamwa panu.”

“Pakamwa panga bwanji?”

“Mukakhala pa nsanja, wina akaitana dzina lanu, osayankha. Olo alire bwanji. Zimene azataya iye zizabwera kwa imwe. Manje mukayankha kamodzi chabe, zonse zizabwerera kwa eni ake, imwe muzatsala na mankhusu.”

Bornwell anafunsa ngati lamulolo likukhudza aliyense. A Gordon anamuyankha akumwetulirabe kuti kanyangako sikadziwa chibale. Munthu wanzeru akanadzuka pomwepo. Koma Bornwell anaona kuti kukhala chete si tchimo lalikulu, popeza sapha munthu, saba kanthu. Anakalandira ndi manja awiri.

Dzinja lotsatira mpunga wake unabereka modabwitsa. Tsiku lina dzuwa likupendeka, a Abraham, mkulu wa mpingo amene munda wawo unachita malire ndi wake, anaitana dzina la Bornwell. Anaitana kachiwiri, kachitatu, mawu akusasa. Bornwell anali pa nsanja, chitini chili pa mwendo, akuona misana ya njovu ikuyenda m'munda mwa mkuluyo. Analuma mlomo. Poti iye sanayankhe, mfuu sinapitirire kwa ena, ndipo pamene anthu ankazindikira munda unali utasanduka bwalo. Mawa lake Bornwell anawauza a Abraham kuti anali atagona tulo.

Anakolola matumba ochuluka moti anachita kubwereka malo osungira. Malata anakwera, njinga yamoto inabwera, Tamala anabwerera kusukulu atavala nsapato. Vainess anagwada m'nyumba yatsopanoyo n'kuthokoza Mulungu ndi misozi, ndipo anatumiza thumba limodzi kwa a Abraham. Bornwell anatuluka panja pemphero lisanathe.

Chaka chotsatira woitana anali Jack, mng'ono wake weniweni. Jack ataona kuti mkulu wake sakuyankha, anatsika yekha ndi chikuni cha moto kukathamangitsa njovu, ndipo inamugwetsera m'ngalande n'kumuthyola m'chiuno. Anthu anayamba kunong'ona. Munthu angagone bwanji tulo nthawi zonse pamene anzake akulira, munda wake wokha n'kumakhala wosapondedwa? Ku kwaya mawu ake anayamba kutsamwa, ndipo abusa akati ameni, pakamwa pake pankalemera. Anasiya kupita, akunamizira kutanganidwa.

Vainess sanali wopusa. Anamufunsa mwamuna wake maso ndi maso ngati pali chimene anakwirira kumunda, ndipo iye anakana mpaka kulumbira. Mayiyo anangomuuza kuti iye anakwatiwa ndi mmphawi wopemphera, ndipo akanakonda kubwerera m'nyumba yodontha kusiyana n'kudya misozi ya Jack. Anamupempha kuti apite limodzi kwa abusa. Mawuwo anamulasa Bornwell, koma m'malo mopita kwa abusa anakwera njinga yamoto kubwerera kwa a Gordon, kukapempha kuti chizimbacho chifewetsedwe.

“Mwabwera pa honda kudzandiuza kuti mwavutika?” anaseka a Gordon. “Khomo ni lotsegula. Yankhani chabe. Koma mubwere wapansi tsiku limenelo.”

Bornwell anabwerako atatsimikiza mumtima kuti akolola kamodzi kokha, kenako afukula kanyangako n'kukalapa. Anthu ambiri amene anatayika ankanena mawu omwewa.

Mpunga wa chaka chachitatu unacha bwino kuposa wina uliwonse. Masana ena, kutatsala pang'ono kuti ayambe kumweta, Vainess ananyamuka kumudzi kukamupatsira chakudya. Njira inkadutsa m'tsekera lalitali loposa munthu. Ali pa nsanja, Bornwell anaona nsalu ya kumutu ya mkazi wake ikuyenda m'udzumo. Anaonanso, chapatsogolo pake, njovu yaikazi ili ndi mwana wake, itaima duu pamphambano ya njira.

Vainess anamva kununkha kwa nyamayo ndi kuthyoka kwa udzu, koma sankaona kanthu. Anaima. Ankadziwa kuti mwamuna wake ali pamwamba ndipo akuona zonse.

“Atate ake Tamala! Ili kuti? Nithawire kuti?”

Kumanzere kunali ngalande yakuya imene njovu sikanawoloka. Mawu amodzi okha akanakwana. Bornwell anatsegula pakamwa, maso ake n'kugwera pa mpunga uja uli mbuu mpaka kumalire. Anadziuza kuti kanyanga kaibweza nyamayo, kuti Vainess sanafike n'komwe pafupi, kuti adikire pang'ono.

“Bornwell! Niyankheni!”

Chikwatirane, mkaziyo anali asanamutchulepo dzina. Iye anagwira mtengo wa nsanja, thukuta lili kamukamu, ndipo sanayankhe. Vainess anathawira kumanja.

Pamene Bornwell ankakuwa, kunalibenso womumva. Anatsika, anathamanga, anamupeza mkazi wake atagona m'udzu wopondedwa, mbale zitamwazika. Alimi ena anafika, ndipo pamaso pawo Bornwell anakumba ndi zala pansi pa nsanja n'kutulutsa kanyanga kaja, akuulula zonse, za a Abraham ndi za Jack. Palibe anamumenya. Anangomuyang'ana, kenako anatenga chitenje n'kufunditsa mtembo.

Mpunga uja palibe anaumweta, unathera mbalame. Maliro atatha, Tamala anatengedwa ndi abale a mayi ake, ndipo mutu wa Bornwell sunabwererenso m'malo. Lero amayendayenda pa msika wa ku Chama, wopanda nsapato. Munthu aliyense akaitana mnzake, kaya ndi dzina lanji, iye amatembenuka n'kukuwa ndi mphamvu zake zonse kuti, “Kumanzere! Thawira kumanzere!”

Abale anga, kuthamanga sikufika. Njala imawawa, ndipo kudikira Mulungu pamene anzako akukweza malata kumawawa koposa, palibe akukana. Koma a Abraham amene anadyeredwa munda akadali ndi mkazi wawo, ndipo amadya chochepa chawocho ndi mtima wogona. Mulungu akachedwa sanakuiwale. Dyera limakupatsa msanga, kenako limadzatenga chimene sukanagulitsa pa mtengo uliwonse.