Geti Lopanda Mpanda

A Wakisa Mwenifumbo anatuluka m'nyumba ya Mayi Bupe ku Arlington, kufupi ndi mzinda wa Washington, usiku utapita ndithu, mapemphero atatha kalekale, anthu atatopa ndi kuwaseka. Chowasekera chinali chakuti bambowa, munthu wopuma pantchito, mwendo wamanzere ukukokabe chidwalireni sitiroko, analengeza kuti akadutsa dziko la England wapansi, kuchokera kunyanja ya kumadzulo mpaka ya kum'mawa. Onse anafa nalo phwete kupatula mwini nyumba, mayi wamasiye wa ku Lusaka, amene anangodzuka n'kulowa kukhitchini.

"Adadi, lowani m'galimoto," anatero mwana wawo Carol.

"Munthu wokadutsa England akwere galimoto popita kwathu pa Alexandria pomwepa?"

"Chabwino, yendani. Koma mukangondiimbira kuti ndidzakutengeni, tikiti yanu ya ndege ija ndiikansela m'mawa."

Owadziwa a Wakisa akudziwa kuti kuwauza choncho n'kuthira palafini pamoto. Anamanga zingwe za nsapato, natenga ndodo yawo, uyo, kutsetserekera ku kanjira ka oyenda pansi ka m'mbali mwa mtsinje wa Potomac, chifuwa chili patsogolo.

Poyamba zinkayenda, mpaka ankaimba mluzu. Koma atadutsa kunsi kwa mlatho, pafupi ndi manda aakulu a asilikali, mwendo uja unati gwa, kuuma. Anaukoka, anaunyengerera, anautukwana m'Chinkhonde cha kwawo ku Karonga, koma ayi ndithu. Anakhala pabenchi, misozi ya ukali ili m'maso, natulutsa foni. Dzina la Carol linawala. Kungolidina basi, England yense n'kuthera pomwepo.

Ndiye kunabwera fungo. La udzu wonyowa ndi ndowe za nkhosa.

Nkhosa... mu Washington?

"Ba mudala, bwezani foni m'thumba."

Patsogolo pawo panaima bambo wamtali, chikwama kumsana, nsapato zili matope okhaokha, chikhalirecho mvula inali isanagwe mwezi wonsewo. Chinyanja chake chinali cha ku Lusaka.

"Mwendo ukakana, osayang'ana kutali. Muziyenda chabe geti na geti. Tiyeni."

A Wakisa sanafune kuoneka ofooka pamaso pa mlendo. Anadzuka. Anayenda awiriwo, ndodo ikugogoda pa tala. Ndodo yokha. Nsapato za mnzawoyo sizinkamveka.

Kenako mlendoyo anaima. Anatambasula dzanja mumdima ngati akukweza chitsulo, nawakodola a Wakisa kuti adutse, iye n'kubweza dzanjalo.

Khetche!

Chitsulo chinalira. Pamenepo panalibe geti, panalibe mpanda. Udzu basi, ndi mtsinje.

"Kuja ku England ukasiya geti yosegula, nkhosa za alimi zithawa," anatero mlendoyo.

A Wakisa thupi lonse linachita tsembwe. Athawe? Ndi mwendo uti? Aimbe foni? Ndiye Carol amve kuti bambo ake aopa mdima? Zimenezo ayi, bola kufa. Analuma mano, nayang'ana patsogolo pomwe dzanja lija likaimenso.

Khetche!

Pabwalo la ndege lomwe ankadutsa, ndege zinali zitagona. Msewu uli zii.

Khetche!

Sanatembenuke. Sanafunse. Geti lina... linanso... ndipo mwendo uja, wosamva mankhwala a madokotala, unkatsatira.

Magetsi a Alexandria ataoneka, mlendoyo anawagwira dzanja. Kuzizira kwake! Anawafumbatitsa kamwala koyera, kokhala ndi mzere wakuda pakati.

"Oyenda njira ija atola kamwala ku nyanja yoyambira, n'kukakaponya ku nyanja inayo. Ine sin'nafike. Imwe muzafika?"

"Ndikafika," anayankha a Wakisa, mutu uli chilili.

"Mukauze ba Bupe kuti mageti yonse ninavala, palibe inasala yosegula."

A Wakisa atakweza maso, panalibe munthu. Fungo la nkhosa lokha.

Anagogoda pakhomo pawo kukuyera, foni osaikhudza. Carol, amene anachezera pawindo, anawatsegulira. Bambo ake sanamusekenso n'komwe. Anangoti, "Tenga makiyi, undiperekeze kwa Mayi Bupe."

Mayiwo atakaona kamwalako pachikhatho cha a Wakisa, anakhudza mzere wakuda uja ndi chala.

"Mwakatenga kuti? Aka ninasankha ni ine, pa nyanja, tsiku yamene ba Katongo banayamba ulendo."

A Katongo anali amuna awo. Anayenda njira yomweyo ya ku England zaka zambiri zapitazo, Carol akadali kusukulu. Atatsala pang'ono kuona nyanja ya kum'mawa, mtima unaima. Mlimi wina anawapeza m'busa la nkhosa, atatsamira geti, litatsekedwa bwinobwino. Zovala ndi chikwama zinabwera ndi maliro, koma kamwalako sikanapezeke m'thumba lililonse.

A Wakisa anapereka uthenga wa mageti uja. Mayi Bupe analira, kenako anaseka m'misozi momwemo, poti malemuwo, ati, ngakhale chitseko cha firiji sankalola kuti chikhale chotsegula.

Carol anatembenukira kwa bambo ake.

"Tikiti sindikansela, mwapambana. Koma adadi, njira imeneyo simungayende nokha."

A Wakisa anaika kamwalako m'thumba la shati, namanga batani.

"Wakuuza ndani kuti ndikupita ndekha?"