Magazi a Chimango

"Magazi atithera," anatero namwino akutseka firiji. "Malungo amuumitsa magazi mwanayu. Pezani anthu oti apereke, lero lomwe."

Ireen anayang'ana mng'ono wake Chimango ali gone pabedi, zikhatho zili mbee. Mayi awo anali oyembekezera, bambo ali ku Joni. Iye mwini atakwera pasikelo, namwino anapukusa mutu, nati thupi lamuchepera.

"Mwezi watha anzathu anapita kusukulu kwanuko kukapempha magazi," anapitiriza namwinoyo mosakalipa. "Anabwerako chimanjamanja. Akuti ana anathawira m'chimanga."

Ireen anazyolika, pakuti woyambitsa zimenezo anali iyeyo.

Loweruka lililonse masana, achinyamata a kwawo kwa Ireen pa Golomoti ankadzadza m'nyumba ya vidiyo ya a Laisoni kukaonera Alenje a Mdima, filimu ya zigawozigawo ya anthu osaka zilombo ndi anamapopa. Gawo lina linaonetsa namapopa atavala zoyera ngati dokotala, bokosi lozizira lili m'manja. Lolemba lake, galimoto ya opempha magazi italowa pasukulu, Ireen anakuwa moseka, "Gawo lija latipeza!" Anzake anafa nalo phwete, koma a Fomu 1 analiyatsa liwiro, ndipo mphekesera inakafika mpaka kwa makolo. Palibe anapereka mkono.

Tsono lero linalinso Loweruka. Ireen anakwera minibasi pa Mua, pomwe panali chipatalacho, natsikira pa Golomoti gawo latsopano litangotha. Anapeza anzake ali pakhonde la a Laisoni, mkangano uli m'kati.

"Mlenje wanji wolira?" ankafuula Zuberi, mtsogoleri wa okonda filimuyo. "Mnzako akalumidwa, mankhwala ake ndi chikhomo pamtima, basi!"

"Iwe ulibe mtima," anamuyankha Fagness, mnzake wa Ireen wa m'kalasi. "Munthu wadzicheka mkono kuti mnzake akhale moyo, ukuti si mwamuna? Ireen, wajomberanji lero? Waphonya zinthu!"

Ireen anati, "Chimango ali m'chipatala. Akufunika magazi, anga akana. Ndabwera kudzapempha."

Onse anamutembenukira.

"Si iwe unati ndi anamapopa?" anafunsa Jafali, mnyamata wokhala kumbuyo m'kalasi.

"Ndine. Ndinkangocheza."

"Macheza akowo mayi anga anawakhulupirira. Mpaka pano akuti ndikaona galimoto yoyera ndizithawa."

Ireen anatembenuka kuti azipita, koma Fagness anamugwira dzanja.

"Dikira. A Zuberi, alenje aakulu, mwamva? Nyamukani."

"Aaa, ine ndi singano sitimwerana madzi."

"Chikhomo pamtima mumatha, singano pamkono ayi?"

Onse anaseka. Zuberi anakanda m'mutu, nayang'ana nkhope ya Ireen, kuseka kwake n'kuzilala. A Laisoni, amene ankamvetsera ali pakhomo, anazimitsa jenereta n'kukhoma loko.

"Filimuyi ndinaibweretsa ndine," anatero. "Tiyeni, ndiyambe ndine."

Kuchipatala anawayeza mmodzimmodzi, ndipo magazi ogwirizana ndi a Chimango anapezeka a Zuberi. Anagona pabedi atatsinzina, dzanja linalo litagwira malaya a Fagness.

"Wallahi, ndikafa mukauze bambo anga kuti njinga ija ili kwa Jafali."

"Singano sinalowe, achimwene," anatero namwino.

A Laisoni ndi Fagness nawo anapereka, kuti firiji isakhalenso yopanda kanthu. Ngakhale Jafali, amene anafika mochedwa pa njinga ya Zuberi ija, anapinda mkono wa malaya.

M'mawa mwake Chimango anatsegula maso napempha tiyi. Ireen anatembenuza kachikhatho kake, naona kuti kayamba kufiira. Anzake a Ireen aja atabwera kudzazonda Chimango, mayi ake anagwada pansi pamaso pa anawo, ali ndi pakati pawo pomwepo. Ireen anagwada pambali pawo. Mawu onse amene anakonza anamuthawa, anangoti, "Zikomo."

"Dzukani mayi, mutichititsa manyazi," anatero Zuberi. "Koma iwe Ireen, ukawauze anthu kuti sindinalire."

"Unalira."

"Linali thukuta."

Teremu yotsatira galimoto yoyera ija inabweranso pasukulu. A Fomu 1 anayamba kusuzumira njira ya kumunda, kenaka anaima. Kuchokera pageti, Ireen ankabwera pambali pa namwino, atasenza bokosi lozizira pamutu.