Dzino Lofunsira Mbeta

Lachisanu masana, dziko lonse lili khutu pa wailesi kumvera mpira wa ragibe, Sakiusa Tuilawa analowa m'nyumba yosungiramo zinthu zakale ya dziko lathu, mumzinda wa Korowaqa. Mlonda anali kalikiliki kutukwana oyimbira mpira. Sakiusa anatsegula kabati yamagalasi, n'kutola dzino la namgumi, n'kuponya m'thumba. Basi, ulendo.

Musamuweruze msanga. Kwathu kuno mbeta safunsira chimanjamanja, umakapereka dzino la namgumi kuchikazi. Ndiye anamgumi a masiku ano ndi aumbombo, sagulula mano wamba. Bwenzi lake Vasemaca anali atamuuziratu: "Loweruka lino ukapanda kubwera nalo, ndikwatiwa ndi aphunzitsi aja."

Tsoka lake, mwa mano onse anasankha lalikulu, lofiirira ndi ukalamba, limene mfumu ina inapereka tsiku lotsegulira nyumbayo agogo athu akadali makanda. Nyumba yonseyo inayambira pa dzino limenelo ndi kabati imodzi. Pofika madzulo wailesi inasiya za mpira, inayamba kulira dzino.

Loweruka m'mawa Sakiusa anagwada pamphasa kuchikazi, malaya ositasita. Womulandira anali malume ake a Vasemaca, bambo wa mimba yaikulu, amene anali atangofika kumene kuchokera mumzinda. Palibe anamunong'oneza mnyamatayo kuti amenewa ndi Sajeni Waisale a polisi.

Malume analandira dzino ndi manja awiri, n'kulinunkhiza monga mwambo ufunira. Anayetsemula. Ananunkhizanso.

"Mwana wanga, namgumi ameneyu ankatsukira m'kamwa mankhwala a njenjete?"

"Ndi la agogo anga, malume. Linali m'bokosi la zovala."

"Eya. Agogo akowo ankalembanso nambala ya boma pa katundu wawo?"

Sakiusa anasuzumira pakhomo, koma panali patakhala azakhali atatu onenepa.

Sajeni anakanda mutu. Dzino loperekedwa pamphasa silikanidwa, angakuseke ndi ana omwe. Anawomba m'manja mwaulemu.

"Ndalandira. Mkazi ndi wako."

Azimayi analulutira. Nthungululu zisanathe, unyolo unali utalira kale m'manja mwa mkwati.

"Tiye, mkamwini, ukaone kumene ndimagwira ntchito."

"Koma ukwati ulipobe, malume?"

"Ulipo. Ukatuluka."

Khoti linamupatsa miyezi isanu ndi umodzi. Woweruza anadandaula kuti chiyambireni ntchito, sanaonepo wakuba akumva chilango chake akumwetulira chonchi.