Madzi Oyamba

Mabotolo ankatsuka mbale madzulo ndi timadzi totsalira m'ndowa, uku akutukwana chamumtima. Linali tsiku lachinayi mpopi uli gwa. Dzinali anamupatsa ndi anthu a m'deralo, poti ntchito yake ku ofesi ya madzi inali yoyenda mpopi ndi mpopi, timabotolo m'chikwama, kutunga madzi okayeza. Woyeza madzi kusowa madzi m'nyumba mwake, manyazi ake enanso ndi ati?

Atapotokola mpopi kuti angoyesa mwayi, unayamba kupuma. Mpopi wouma umapuma ndithu, aliyense amadziwa, koma uwu unatulutsa fungo la dothi longofukulidwa kumene, ndipo mumpweyamo munali mawu otsitsa: "Telala... telala..."

"Amayi, mwamva?" anafunsa mwana wake wamkazi, mmodzi yekhayo amene anali naye.

"Ndi mpweya umenewo. Tseka."

M'mawa mwake madzi anabwera. Telala wa kuseri kwa msika, yemwe anagona kukhosi kuli gwa, anatchera kapu n'kugugudiza. Pofika masana mimba inali itatupa ngati chigubu, dzuwa lisanalowe munthu anapita. Anali wachitatu. Anayamba ndi mphunzitsi, kenako mayi wogulitsa makala, ndipo onsewo mipopi inkayamba yawaitana.

Pamaliro, mkazi wa telala anamutsekera njira Mabotolo.

"Inu mumayeza chiyani kwenikweni? Timabotolo tanuto ndi zidole?"

"Mapepala akuti madzi ndi abwino, mayi."

"Ndiye mapepalawo abwere adzandilerere anawa."

Mawuwo anamulasa, ndipo anachoka atakwiya. Ali m'njira anakumbukira lamulo limene anamuphunzitsa tsiku loyamba ntchito: tsegula mpopi, madzi atayike mphindi ziwiri, kenako tunga. Zaka khumi ankataya madzi oyamba mokhulupirika ngati pemphero. Koma ndani amene angataye madzi atakhala ndi ludzu masiku anayi? Nthawi yonseyi iye ankayeza madzi amene anthu samwa.

Sabata yotsatira mipopi inaumanso. Madzulo atatsegula wake, fungo lija linabuka, mawu aja n'kunena mosabisa: "Mwana wa Mabotolo..."

Mtsikanayo anagwetsa mbale. Mabotolo anamanga mpopiwo ndi waya, ndipo madzi atafika m'mawa anamasula yekha n'kutchera botolo dontho loyamba lisanagwe pansi. Madzi anali oyera mbee, koma ozizira ngati dzanja la maliro, ndipo botolo linkanjenjemera lokha m'manja.

Ku ofesi anapeza bwana akucheza ndi Kiyi, bambo amene ankatsegula ndi kutseka madzi m'misewu ndi chitsulo chake chachitali. Anthu ankanong'onezana kuti Kiyi amachedwa kwambiri akagwada pa zivundikiro za mapaipi. Mabotolo anakhazika botolo patebulo mwamphamvu.

"Awa ndi oyamba, bwana. Anaitana mwana wanga."

"Mwayamba misala, mayi? Ine ndimamwa a pampopi omwewa, ndafa kodi?" Bwana anatembenukira kwa Kiyi. "Imwa iwe, timutseke pakamwa."

Kiyi anayang'ana botolo, thukuta kamukamu.

"Ine ndimangotseka ndi kutsegula, bwana. Woitana si ine, inunso mukudziwa."

Anaponya chitsulo pansi n'kuliyatsa liwiro, ndipo mpaka lero sanaonekenso. Bwana sanatekeseke. Anatenga botolo, n'kukhuthulira madziwo panja kudzera pawindo.

"Mwatunga mosatsata malamulo, ndiye sangayezedwe," anatero. Kenako anatsitsa mawu. "Mwana ali bwanji? Madzi amapita, madzi amabwera. Simudzatchera botolo tsiku lililonse."

Tsitsi linamuima Mabotolo. Mawu otsitsawo anali omwe aja a mumpopi. Mantha anakhala kamphindi chabe, ukali n'kuwalanda malo. Munthu wapha anthu atatu, wamusainitsa iyeyo mapepala oti zonse zili bwino, lero akumufunsa za mwana ngati mnansi wachifundo. Potuluka anatola chitsulo cha Kiyi, ndipo palibe amene anamufunsa.

Mapaipi a deralo ankawadziwa ngati mizere ya m'dzanja lake. Nyumba ya bwana inali m'munsi penipeni mwa thanki yaikulu ya madzi, ndipo mpopi wake sunaumepo chiumangire, choncho kumeneko kunalibe wodziwa zotaya madzi oyamba. Masana, bwana akadali pa mpando wake wozungulira, Mabotolo anakatseka paipi yopita kunyumbako. Anadikira kuti iume. Kenako anagwada pachivundikiro paja Kiyi ankachedwa, fungo la dothi likumulowa m'mphuno, n'kuika pakamwa pake pachitsulo. Mankhwala analibe, anali ndi ukali wokha, koma paipi youma sisankha mwini mawu.

"Bwana... bwana..."

Atamaliza anatsegulanso madzi, n'kubwerera kwawo osacheuka. Anadziwa kuti bwana akaweruka amafikira kapu ya madzi asanavule ndi nsapato zomwe.

Kutacha, kulira maliro kunamveka kuchokera kwa bwana, cha ku thanki. Mipopi ya dera lonse, imene inali itaumanso dzulo lake, inatsokomola n'kuyamba kutuluka madzi. Mwana wa Mabotolo anaima pampopi ndi ndowa m'manja, osatchera. Sankayang'ana madzi, ankayang'ana mayi ake.

"Amayi, dzulo masana mpopi unalankhulanso."

Mabotolo anapitiriza kupukuta timabotolo take.

"Mawu ake anali anu, amayi."

"Taya oyambawo," anatero Mabotolo. "Uwerenge mphindi ziwiri."