Sitima ya pa Pulatifomu Yachinayi

Siteshoni ya sitima ya mumzindawo inali ndi mapulatifomu anayi, koma atatu okha ndiwo ankagwira ntchito. Yachinayi inatsekedwa zaka makumi atatu zapitazo, mlatho wa njanji yopita kumigodi utakokoloka ndi madzi. Njanji zake anazizula, n'kutsala dzenje lodzaza udzu ndi zitsulo zadzimbiri. N'chifukwa chake woyang'anira siteshoni, amene antchito ankamutcha Mayi Wotchi kamba kodana ndi kuchedwa, anangoseka mlonda atamuuza Lachiwiri m'mawa kuti usiku zokuzira mawu zinalengeza sitima ya pa pulatifomu yachinayi.

"Mumalota, achimwene," anatero.

"Kulota kwake ndi anthu khumi, mayi? Onse amene amadikira sitima ya m'bandakucha ananyamula katundu n'kulunjika komweko. Ndinachita kuwabweza."

Usiku wotsatira mawuwo anamvekanso, ndipo bambo wina amene anasenza thumba anathamangira mumdima, n'kugwera m'dzenje lija, mwendo thyo! Apa kuseka kunatha. Mayi wogulitsa tiyi ankanong'oneza makasitomala kuti mawuwo ndi a munthu wachikulire, olankhula mwaulemu wakalekale. Wogulitsa matikiti ankati ndi akuba ofuna kusiyanitsa anthu ndi zikwama zawo, koma panalibe chinasowa.

Mayi Wotchi anaitana wamagetsi, amene anadula mawaya onse ochokera m'kachipinda kakale kolengezera, pamwamba pa masitepe. "Zikalankhulanso, mundichotse ntchito," anatero wamagetsiyo akupinda waya. Usiku womwewo zinalankhula.

Lachinayi mayiyo sanaweruke. Anatseka njira ya ku pulatifomu yachinayi ndi mabenchi, nakhala ndi mlonda pansi pa masitepe. Sitima yomaliza itachoka, siteshoni inangoti zii. Kunkangomveka madzi akudontha pampopi wa kuchimbudzi, ndi mwana akutsokomola m'chipinda chodikirira. Kenako zokuzira mawu zinayamba kulira ngati mafuta mupoto, ndipo munthu anakonza kukhosi.

"Apaulendo olemekezeka, sitima yopita kumigodi ifika posachedwa pa pulatifomu yachinayi. Chonde dikirani."

"Mwamva?" ananong'ona mlonda. "Tiyeni tizipita, mayi."

"Siteshoni ino ndimayendetsa ndine. Bweretsani tochiyo."

Mayi Wotchi anakwera yekha. Loko wa kachipindako anali wadzimbiri moti anachita kumenya ndi chidendene cha nsapato kuti kiyi azungulire. Mkati munalibe munthu, ngakhale phazi pafumbi. Patebulo panali maikolofoni yachitsulo, waya wake woduka kalekale ukulendewera, ndi buku lolembamo zolengeza, lotsegula. Anapukuta tsambalo ndi chikhatho. Mzere womaliza unali wa usiku umene mlatho unakokoloka: sitima ya kumigodi yalengezedwa, anthu auzidwa kuti adikire. Pansi pake panalibe chilichonse. Palibe amene anabweranso kudzawauza kuti sikubwera.

Anasuzumira pawindo. Pulatifomu yachinayi inali mdima wokhawokha, koma ankamva bwinobwino timaphokoso ta anthu otopa ndi kudikira: benchi kulira, chikwama kukhuzidwa pansi, wina kuyasamula. Komabe anakoka mpando, anakhala, nasendeza maikolofoni yozizirayo kukamwa monga ankachitira ali mtsikana pa ntchito yomweyi.

"Apaulendo olemekezeka," anatero, ndipo mawu ake anamveka siteshoni yonse, "ndine woyang'anira siteshoni. Sitima yopita kumigodi sibwera. Mlatho unakokoloka. Tikupepesa kwambiri pokudikiritsani nthawi yaitali chonchi. Mukhoza kubwerera kwanu."

Kenako mabenchi analira onse pamodzi, ngati mpingo ukuimirira. Mapazi ambirimbiri anayamba kuyenda mosafulumira, ena ansapato, ena opanda, kudutsa pamalo ogulitsira matikiti, kulowera kugeti. Mlonda anadzipanikiza kukhoma, chipewa m'manja, mphepo yozizira ikumudutsa kumaso. Getilo, limene analikhoma yekha, linagwedezeka kwa nthawi yaitali, kenako linaleka.

Mayi Wotchi anatulutsa cholembera, analemba tsiku ndi nthawi pamzere wotsatira, nasaina. Atatsika anapeza mlonda adakali kukhoma.

"Anali angati, mayi?" anafunsa motsitsa mawu.

"Sindinawerenge. Bwezerani mabenchiwo m'malo mwake, achimwene. Ya m'bandakucha ifika pa nthawi yake."