Zala za Bizwick

Bizwick anachoka kwawo ku Nselema ndi gitala yachigubu yopanga yekha, nakafika ku Balaka zaka zija anyamata a chipani ankameta anthu tsitsi lalitali pamsika. Anapeza malo m'bandi ina yoimba m'mabala, koma ankangokanda rizimu, gitala yoperekeza nyimbo, kumbuyo, pafupi ndi ng'oma. Lidi, gitala yotsogolera nyimbo, inali ya Hudson. Iyeyu akathamangitsa zala mpaka kumimba kwa gitala, n'kukankha nsambo m'mwamba kuti ilire, ovina ankasiya akazi awo kukamufupa. Bizwick ankabwerera chimanjamanja kunyumba yalendi yodontha, kumene mkazi wake Anastasia ndi mwana wawo Joanna ankafunda chitenje chimodzi.

Hudson sanali womana. Masana ankamuphunzitsa kuseri kwa bala.

"Yambani pang'onopang'ono, achimwene. Kachala kakang'onoko musakasiye, kazigwira ntchito. Liwiro limabwera lokha zala zikalimba."

Koma zala za Bizwick zinkapunthwa, ndipo ubwino wa Hudson unkamuwawa kuposa njala. Tsiku lina anakwera sitima ya ku Nayuchi kukaona a Pitala, sing'anga wochokera tsidya la malire. Anawapeza pakhonde akusenda chinangwa.

"Mukufuna chuma kapena zala?" anafunsa a Pitala osadzutsa mutu.

"Zala, agogo. Chuma chidzatsata."

"Gitala ndi thabwa ndi waya basi. Ilibe mawu akeake. Kuti iyankhule, iyenera kulanda mawu a munthu. Osati wapamsewu iyayi. Wam'nyumba mwanu."

"Adzafa?"

"Ine sindipha. Azidya, azilima, koma pakamwa ziii. Pomanga nsambo yaing'onoyo muzitchula dzina. Ikaduka, dzina lina."

Bizwick sanachedwe kuganiza. "Amayi ndi okalamba. Anayankhula kale zokwanira."

A Pitala anaseka, namutema mphini pachala chilichonse ndi mpeni womwe uja wa chinangwa.

Sabata imeneyo mayi ake ku Nselema anatsegula pakamwa kuti atsogolere nyimbo m'tchalitchi, koma panangotuluka mpweya. Ku Balaka, Bizwick anapempha lidi kwa nyimbo imodzi yokha. Zala zinauluka osaoneka pomwe zaponda, ndipo akanjenjemeretsa nsambo ija amuna akuluakulu ankapukuta m'maso. Mwini bandi anachotsa Hudson. Hudson atabwera kudzapempha kuti azikandako rizimu, Bizwick anamuyankha pamaso pa anthu kuti, "Kayambeni pang'onopang'ono, achimwene, kwanu."

Anayamba kuitanidwa ku Liwonde, ku Ntaja, kumaukwati a eni sitolo. Anamanga nyumba yamalata, nagula njinga yamoto. Kwa mayi ake ankatumiza shuga, koma phazi lake silinapondeko.

Tsiku lina akuyeserera pakhonde, Anastasia anaima pakhomo ndi lichero m'manja.

"Abambo ake Joanna, gitalayi ikulira ngati apongozi. Kulira komwe kuja analira pamaliro a abambo anu. Munachita chiyani ku Nayuchi?"

Bizwick anapitiriza kuimba. Mawa lake sanadikire kuti nsambo iduke yokha. Anaidula ndi lumo, namanga yatsopano, natchula dzina la mkazi wake. Anastasia, mawu atamuthera, akamuloza ndi chala pamaso pa alendo, iye ankati, "Musadandaule, ndi matenda a kwawo."

Nsambo imeneyo sinakhalitse. Inaduka kutatsala pang'ono dansi yaikulu ya ku Ntaja. Bizwick anathamangira kwa a Pitala.

"Ndili ndi mkazi wina wamseri ku Liwonde. Sangalowe m'malo?"

"Amene simungamulire alibe mawu ogulitsa," anatero a Pitala. "Kunyumba kwatsala ndani?"

"Mwana."

"Ndiye mwabwereranji?"

Atafika kunyumba anapeza Joanna akusesa pabwalo, akuimba kanyimbo kakusukulu. Akanatha kusiya nsamboyo osamanga. Koma anaganiza za holo yodzaza, za Hudson akumva kuti wagwa. Analowa kuchipinda, natseka chitseko. Panja nyimbo inadukira pakati, tsache lokha likumveka.

Ku Ntaja anaimba mothamanga kuposa kale lonse. Atakankha nsambo ija m'mwamba, m'masipika munatuluka mawu a kamwana, omveka bwino, akuitana kuti, "Ababa, ababa." Woimba ng'oma anaponya timitengo pansi. Anthu anapanikizana pakhomo pothawa. Bizwick anafuna kuleka, koma zala zinakana mpaka nsamboyo inaduka n'kumucheka.

Pobwerera anapeza nyumba ili pululu, Anastasia atatenga mwana kupita kwawo kwa Kawinga. Panalibenso dzina loti atchule, ndipo gitala inalanda mawu a mwini wake. Anayesa kuitana woyandikana naye, mawu osatuluka. Anaphwanya gitala pamwala, koma zala sizinaime. Zinkathamanga pantchafu, pakhoma, panthiti zake. Sakanatha kugwira chakudya kapena kumanga batani. Nyumba inatengedwa ndi ena, iye n'kumagona pasiteshoni ya Balaka, nthiti zili zilonda zokhazokha. Anafera pamenepo nyengo yadzinja, ndipo omunyamula anachita kumumanga manja ndi luzi.

Mayi ake, Anastasia ndi Joanna sanayankhulenso moyo wawo wonse. Luso limalowa m'zala ndi thukuta, ndipo wofuna kulidumphira ndi mankhwala salipira yekha. Dyera limayamba kudya am'nyumba, mwini wake limamusungira pomaliza.