Bambo Akakhala Pamsewu

Nthiwatiwa anagwa pamzere wa m'mawa kusukulu, nyimbo isanathe. Dzinali anamupatsa ndi anzake chifukwa cha miyendo yake italiitali. Tsopano miyendoyo inali timitengo chabe.

Zinayamba teremu yatha. Bambo ake ankayendetsa lole, maulendo akutali. Tsiku lina pabuleki, akuluma buledi, ganizo linangomugwera: lole yagubuduzika, matayala m'mwamba. Analavula. Sanadyenso tsiku limenelo. Bambo anabwerako ali bwinobwino.

"Ndawapulumutsa," anatero mumtima.

Kuyambira pamenepo, bambo akanyamuka, iye pakamwa tseke. Akangogwira supuni, lole ija inkagwanso m'mutu mwake. Chakudya ankapatsa galu. Mayi akafunsa, yankho linali limodzi: "Ndadya kusukulu."

Anatsitsimukira kuchipatala, diripi ili pamkono. Mayi kumiyendo kwa bedi. Bambo pambali, ovololo ikununkha dizilo, maso ali psuu.

"Iwe, ukufuna ndizinenepa ndekha m'nyumba muja?" Bambo anayesa kuseka. Zinakanika.

"Ndikadya mufa, bambo."

Anaulula zonse. Buledi, lole, galu. Mayi anagwira pakamwa.

Bambo anatulutsa makiyi a lole, nkuwaika m'mphepete mwa katebulo.

"Ganiza kuti makiyiwa agwe."

"Bambo, musatero."

"Ganiza, mwanangu. Ndi mphamvu zako zonse."

Anatsinzina. Anawaona akutsetsereka, akugwa. Anatsegula maso. Makiyi ali pomwepo.

"Ine pamlatho uliwonse ndimaona lole yanga ili m'madzi," anatero bambo. "Ganizolo limatera ngati ntchentche pagalasi. Ndimangoyendetsa."

Namwino amene ankasintha diripi anamva zonse. "Matendawa timawadziwa," anatero. "Koma sathera pa makiyi. Dokotala woona za maganizo azicheza nawe. Zitenga nthawi."

Kutacha, bambo anayenera kubwerera. Katundu wa eni ake anali atamusiya panjira. Anamugwira mwana wawo pamutu, nkutuluka osacheuka. Mapewa awo ankagwedezeka.

Namwino anabweretsa phala. Mayi anatapa pang'ono, nkufikitsa pamilomo pake. Nthawi yomweyo lole inayamba kupendekeka.

"Mayi, ikugwa!"

"Isiye igwe m'mutumo. Iwe meza."

"Nanga akafa?"

"Meza, mwanangu. Ndili pano."

Anameza. Phala linatsika ngati mwala. Misozi inagwera m'mbale. Mayi sanaipukute. Anatapanso supuni ina, nkudikira.